Mmene Mungaulukire ku Nyika Osaona Kumene Mukupita

Malangizo awa ndi a woulutsa ndege amene watopa ndi kudikira. Chiphaso muli nacho, maola m'buku lanu akuchuluka, pamapewa pali timizere tagolide, ndipo lero mwapatsidwa alendo anayi oti muwachotse pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe mukawatule ku Chelinda, pamwamba pa Nyika m'boma la Rumphi. Mwezi ndi wa Julaye, chiperoni chagwa kuyambira dzulo, ndipo anzanu ena akhala pansi akumwa tiyi, maso ali kumwamba. Inu si a gulu limenelo, a kaputeni. Tikuthandizani kuti mulakwitse zonse mwadongosolo, pakuti munthu wolakwitsa mwachisawawa nthawi zina amapulumuka osadziwa kuti wapulumuka bwanji, ndipo ife sitikufuna ntchito yosiyira panjira.

Yambani ndi kuiwala chimene zilembo za VFR zimafuna kwa inu. Malamulo a bungwe la ICAO, limene lidabadwa ndi pangano la ku Chicago la 1944, amagawa maulendo a ndege pawiri. Pali IFR, pamene woulutsa amadalira zipangizo zili patsogolo pake ndi mawu a oyang'anira kayendedwe ka ndege. Ameneyu akhoza kulowa mumtambo n'kutulukamo bwinobwino, chifukwa adaphunzira zimenezo, ndege yake ili ndi zida zoyenera, ndipo njira yake idayezedwa kale kuti idutse pamwamba pa phiri lililonse. Ndiye pali VFR, ulendo wanuwu, pamene chida chachikulu ndi maso: muone pansi, muone phiri, muone ndege inzanu, mulewe nokha. Kuti maso agwire ntchito imeneyo, lamulo limati pansi pa mafiti 10,000 muzitha kuona kutali makilomita 5, mutalikirane ndi mtambo mamita 1,500 cham'mbali ndi mafiti 1,000 chokwera kapena chotsika. Kuyambira mafiti 10,000 kupita m'mwamba, makilomitawo amafika 8. Manambala amenewa alowezeni pamtima kuti mukakhoze mayeso, ndipo mukakhoza muwasiye komweko. Mumlengalenga mulibe munthu wa tepi woyeza. Mukaona kachidutswa ka munda wa fodya pansi pa phiko, amenewo ndi makilomita 5 anu.

Mlengalenga nawo uli ndi magulu, ndipo woulutsa wofuna kusochera bwino ayenera kuwadziwa pang'ono chabe, mokwanira kuti adzikhulupirire. Mu 1990 ICAO idaugawa m'magulu asanu ndi awiri, kuyambira A mpaka G. Mu A simuloledwa n'komwe ndi VFR yanuyo. Ndi kwa a IFR okhaokha, kumtunda kumene kumadutsa ndege zikuluzikulu za pakati pa Addis Ababa ndi Johannesburg. Mu B oyang'anira amatalikitsa ndege iliyonse ndi inzake. Mu C amatalikitsa a IFR ndi wina aliyense, koma pakati pa inu a VFR nokhanokha amangokuuzani kuti mnzanu ali chakuti, muone nokha. Mu D ngakhale a IFR amangouzidwa za inu. M'magulu atatuwa, B, C ndi D, simulowa popanda chilolezo ndi wailesi yoyankhulirana. Mu E oyang'anira amasamala a IFR, inu mukhoza kudutsa osapempha. F ndi ya upangiri chabe ndipo mayiko ambiri saigwiritsa ntchito. Mu G mulibe wokulamulani. Mukafunsa, amene akukumvani pa wailesi akhoza kukuuzani zimene akudziwa, basi.

Phunziro loti mutolepo n'lakuti mukamatsika ndi zilembozi ufulu ukukula. Musalingalire mbali inayo, yakuti pamene wokulamulani wachepa, wokuyang'anirani wachepanso. Ndipo koposa zonse musafunse funso ili: kodi ndi m'gulu liti mmene woyang'anira ali ndi udindo wolewetsa ndege ya VFR phiri? Yankho lake n'losasangalatsa. Mulibe. Kuyambira B mpaka G, ntchito yawo ikakula bwanji ndi yoti musagundane ndi ndege ina. Za nthaka, mitengo ndi miyala zili m'manja mwa munthu wagwira chiwongolero.

Tsopano tifike pa mankhwala enieni, Special VFR. Mabwalo okhala ndi nsanja, monga la Kamuzu ndi la Chileka, ali ndi chigawo cha mlengalenga chowazungulira, choyambira pansi penipeni kukwera m'mwamba, chimene a pansanja amachilamulira. Kuti munyamuke kapena kutera m'chigawo chimenechi pa VFR, denga la mitambo lisakhale pansi pa mafiti 1,500 ndipo munthu ali pabwalo aziona makilomita 5. Nyengo ikaipa kuposa apo khomo limatsekedwa, koma pali kawindo. Ndege zina zikakhala kuti sizisokonezeka, a pansanja akhoza kukupatsani chilolezo chapadera choti muyende m'chigawo chawocho, malinga pabwalo pakuoneka mamita osachepera 1,500, inuyo muli kunja kwa mtambo ndipo mukuona pansi. Mayiko amawonjezera zawo. Ku Ulaya a pansanja sapereka chilolezochi denga la mitambo likatsika kuposa mafiti 600, ndipo liwiro lisapose manoti 140. Ku America amafuna mailosi imodzi yooneka, usiku amafuna kuti woulutsa akhale ndi chiphaso cha IFR ndi ndege ya zida zake, ndipo woyang'anira saloledwa kukuyambani kuti mupemphe. Pempho lichokere pakamwa panu. Amene adaika lamulo lomalizali ankadziwa kuti woulutsa akamva mawuwo kuchokera ku nsanja adzayesa kuti ndi uphungu.

Chilolezochi chidapangidwira zinthu zazing'ono: nkhungu yaphimba bwalo lokha koma makilomita ochepa kutsogolo mukudziwa motsimikiza kuti kwayera, kapena mukubwerera kwanu ndipo mvula yakutsekerani pakhomo. Inu musachione choncho. Chioneni ngati chidindo cha ulendo wonse. A pansanja ya Kamuzu akakuuzani kuti mwaloledwa kutuluka m'chigawo chawo cha kumpoto pa Special VFR, mtima ukhale m'malo ngati kuti akulonjezani makilomita onse oposa 350 a mpaka ku Chelinda. Wapolisi wa pa rodibuloko ya pa Jenda akakukwezerani mtengo, amatanthauza kuti mapepala anu ali bwino ndipo msewu pamenepo ndi wanu; za mlatho umene madzi akokolola kutsogolo iye sananenepo kanthu. Dalaivala wanzeru amadziwa zimenezi. Inu khalani ngati uja amaponda moto n'kumati apolisi andilola.

Mukangotuluka m'malire a chigawocho chilolezo chanu chatha, ndipo malamulo a VFR abwerera onse. Palibe belu limene limalira pamalirepo, choncho n'kosavuta kusazindikira. Gwiritsani ntchito mwayi umenewo.

Ku Chelinda nkhani ndi yokoma kwambiri, chifukwa kulibe nsanja. Ndi kabwalo ka m'tchire pakati pa zitunda za udzu, ndipo mlengalenga wapansi wa malo oterewa ndi uja wopanda wolamula. Kumene kulibe chigawo cholamulidwa kulibenso Special VFR, chifukwa wopereka chilolezocho palibe. Woulutsa wamba akamva zimenezi amati ndiye kuti nyengo ikaipa sindipitako. Inu muzimve mwanjira ina: ngati palibe wopereka, palibenso wokana, choncho dzipatseni nokha. Ena amachita kuyankhula pa wailesi mwaulemu wonse, kutchula nambala ya ndege, kunena kuti akutsika, ndipo pakakhala chete amati chete ameneyo ndiye kuvomera. N'zoona kuti lamulo limafewerako mu G mukakhala pafupi ndi nthaka. Pa mafiti 3,000 kuchokera pa nyanja yamchere kapena kutsika, kapena mafiti 1,000 kuchokera pa nthaka ngati nthakayo ndi yokwera, chofunika n'chakuti mukhale kunja kwa mtambo ndipo muziona pansi, ndipo dziko likhoza kulola ndege zoyenda pang'onopang'ono kuona mamita 1,500 okha. Koma pali lamulo lina loti musatsike kuposa mafiti 500 kuchokera pa nthaka, kupatula ponyamuka ndi potera. Pa Nyika tsono mpata wanu uli pakati pa udzu ndi mtambo, ndipo mtambo ukatsika kufika mafiti 400 mpata wovomerezeka palibe. Malamulo awiriwa musawaike pamodzi m'mutu. Kumbukirani lofewalo lokha.

Za nyengo, funsani ku Mzuzu ndipo mukhutire. A zanyengo akakuuzani kuti pa bwalo la Mzuzu mitambo ili pa mafiti 1,500, sekererani, uzani alendo amange malamba. Musachite masamu otsatirawa. Kutalika kwa mitambo kumayezedwa kuchokera pa bwalo limene lanenalo. Bwalo la Mzuzu lili pa mafiti pafupifupi 4,100 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye kuti mimba ya mtambowo ili pa mafiti 5,600. Chelinda ali pa mamita pafupifupi 2,300, amene ndi mafiti oposa 7,500. Phiri la Nganda, nsonga ya Nyika, limapitirira mamita 2,600, mafiti oposa 8,500. Mtambo umene munthu wa ku Mzuzu akuuona kumwamba, mbidzi ya ku Chelinda ikhoza kukhala ikudya msipu m'kati mwake, mafiti 2,000 pamwamba pa mimba yake. Masamu amenewa mwana wa Sitandade 6 akhoza kuwachita, n'chifukwa chake si oyenera munthu wa timizere pamapewa.

Ngati chikumbumtima chikukuvutanibe, imbani foni kwa wina wogwira ntchito kumtundako, koma samalani kafunsidwe. Musafunse kuti kodi mitengo ya paini ya kuseri kwa dambo ikuoneka, kapena kuti akaima kumapeto kwa bwalo akuona mbali inayo. Mafunso otere amabweretsa mayankho. Nenani kuti, "Kwacha bwanji kumeneko, achimwene?" Munthu woleredwa bwino adzayankha kuti, "Kwacha bwino, bwana, kaya kumeneko." Lembani m'buku kuti nyengo ku Chelinda ili bwino.

Chiperoni musachipatse ulemu. Ndi mpweya wozizira wachinyezi wochokera kumwera chakum'mawa, kunyanja ya Indian Ocean, umene umabwera miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti. Ukafika pa mapiri umakakamizika kukwera, ukamakwera umazizira, ndipo chinyezi chimasanduka mtambo ndi mvula yamawawa yomata pa zitunda. Boma la Rumphi lidachita kuumbidwa kuti zimenezi zizichitika bwino. Nyanja ya Malawi pa Chitimba ili pa mamita osakwana 500. Pamwamba pake pali Livingstonia, pamene Robert Laws adasamutsira mishoni mu 1894, ndipo msewu wa Gorodi umapinda kokwana 20 kuti ukafike kumeneko. Kuseri kwa Livingstonia nthaka imakwerabe ndi mamita enanso pafupifupi 1,000. Mpweya wochoka kunyanja ukamakwera khoma limeneli mtambo umabadwa mwamsanga, ndipo malo amene anali oyera pamene munkanyamuka ku Lilongwe akhoza kukhala atatsekeka mukamadutsa Mzimba. Inu gwiritsitsani lipoti la m'mawa. Lidalembedwa papepala, ndipo pepala silisintha.

Mukafika cha ku Rumphi n'kupeza denga latsika, tsikani nalo. Iyi ndiyo njira yakalekale ndipo yatenga akatswiri ambiri. Tsatirani mtsinje wa South Rukuru, muone Bolero kwa Chikulamayembe, muone msewu wopita ku Thazima, mtima ukhale pansi chifukwa zonse mukuzidziwa. Kuchokera pa boma kufika ku Chelinda ndi makilomita pafupifupi 50 mumlengalenga, ndipo pa mtunda umenewo nthaka imakwera ndi mamita oposa 1,000. Denga silikwera nayo. Choncho mpata umachepa pang'onopang'ono, moti palibe mphindi imodzi imene mungaloze kuti apa ndiye pavuta. Mafiti 800 amasanduka 600, 600 amasanduka 400, ndipo nthawi iliyonse kusiyana ndi mphindi yapitayo n'kochepa. Zitunda za Nyika zidzakuthandizani: n'zosalala, zaudzu, zofanana, zilibe nyumba kapena mitengo yambiri yoti diso liyezere mtunda, ndipo mu nkhungu udzu wouma wa Julaye ndi mtambo zimaoneka mtundu umodzi. Pamenepo mudzapezanso kuti wailesi yakhala chete. Mafunde a VHF amayenda molunjika, sakhota kuseri kwa phiri, kotero mukatsika m'chigwa mwadzichotsa m'makutu a aliyense. Imeneyi itengeni ngati nthawi yopuma ku phokoso.

Pali manambala ena oyenera kuwapewa. Ndege yoyenda manoti 100 imadya mamita oposa 50 pa sekondi. Mamita 1,500 aja, amene munawapeza ngati mphatso ya lamulo, amatha m'masekondi osakwana 30. Kutembenuka kubwerera kumene mwachokera, pa mlingo wamba wa madigiri 3 pa sekondi, kumatenga masekondi 60 ndipo kumafuna malo otambalala pafupifupi makilomita 2. Mwa kuyankhula kwina, mukaona phiri patsogolo, nthawi yotembenuka mwaulemu idatha kale musanalione. Onjezani apo kuti pamwamba mpweya ndi wopepuka, ndipo liwiro lenileni limaposa limene chipangizo chikusonyeza ndi pafupifupi 2 peresenti pa mafiti 1,000 alionse. Pa Nyika mukuthamanga kuposa mmene mukuonera, ndipo kona yanu ikukula. Injini nayo ikupuma movutika. Pa mamita 2,300 mabuku amawerengera kutentha kwa madigiri pafupifupi 0. Kukafika madigiri 20 masana, ndege imamva ngati ili pa mafiti 10,000. Cessna imene imakwera mokondwa ku Salima imachita kukwawa pano. Choncho nyamulani katundu yense wa alendo, mabokosi a makamera ndi zakumwa zomwe, kuti pa nthawi yoti mukoke chiwongolero ndege idzakuyankheni mwaulesi.

Muli kalikiliki kufunafuna kabowo m'mitambo, lolani mphepo ikukankhireni kumadzulo. Malire a Zambia adutsa pamwamba pa Nyika pomwepo, ndipo mbali ina ya msewu wa m'nkhalangoyi imatsata malirewo. Mphindi zochepa zokha mudzakhala muli mumlengalenga wa dziko lina, woyang'aniridwa kuchokera ku Lusaka, popanda wina wodziwa. Zimathandiza kwambiri pa tsiku lofunafuna, chifukwa aliyense amakafuna kumene munanena kuti mudutsa.

Tsopano mwalowa mumtambo. Kunja kwayera mbee, phiko silikuoneka. Mabuku amati pamenepa chotsani maso pawindo, yang'anani chipangizo chosonyeza kupendekeka kwa ndege, chikhulupirireni, tembenukani pang'onopang'ono kubwerera kumene kunali kuwala, ndipo ngati pali mapiri kwerani. Inu khulupirirani thupi lanu, mwakhala nalo zaka zambiri. M'kati mwa khutu muli timachubu titatu tokhala ndi timadzi, timene timauza ubongo kuti mutu ukutembenuka. Timamva kuyamba kwa kutembenuka, koma kutembenukako kukapitirira mofanana kwa masekondi pafupifupi 20 timadzi timakhazikika ndipo khutu limanena kuti zonse zawongoka. Mukawongola ndege zenizeni, limakuuzani kuti mwapendekera mbali inayo, ndiye mumabwezera. Mphuno imatsika, liwiro limakwera, mumakoka chiwongolero, ndipo kukokako kumangothinitsa kuzungulirako. Mu 1954 ofufuza a University of Illinois adatenga oulutsa ndege 20 osaphunzira IFR, kuwaphimba kuti asaone kunja, n'kuwapatsa chiwongolero. Onse adalephera kuilamulira ndegeyo, ndipo pakatikati zidawatengera masekondi 178. Muziti amenewo anali azungu a kalekale, inu khutu lanu ndi lina.

Nkhani za ena musaziwerenge, ndipo ngati mwaziwerenga pezani msanga chifukwa chimene sizikukhudzirani. Pa 26 Januwale 2020 helikopita ya Sikorsky S-76 yonyamula katswiri wa basketball Kobe Bryant, mwana wake wamkazi ndi anthu ena idanyamuka ku California kunja kuli chifunga. Woulutsa, munthu wa maola masauzande, adapempha Special VFR kuti adutse zigawo za mabwalo a Burbank ndi Van Nuys, adadikira, adapatsidwa, ndipo adadutsa bwinobwino. Chilolezocho chidagwira ntchito yake yonse. Ngozi idachitika patsogolo, pa mapiri a Calabasas, chitatha kale, pamene nthaka idakwera kukumana ndi mtambo. Adalowa mumtambo, adauza oyang'anira kuti akukwera, chonsecho helikopita ikutsika mopendekera kumanzere. Anthu 9 adafa. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB lidapeza kuti adapitiriza ulendo wa VFR m'nyengo yofuna zipangizo ndipo thupi lidamunamiza. Inu nenani kuti imeneyo inali helikopita, yanu ndi ndege ya mapiko.

Pali nkhani ina imene sindingaiike m'malangizo a mtundu uno, ndipo ndingoinena mmene ilili. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 idanyamuka pa bwalo la Kamuzu kupita ku Mzuzu, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena 8, pa ulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Sidafike. Idapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, ndipo palibe adapulumuka. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany adalemba kuti ndegeyo inali pa VFR, idalowa m'nyengo yosaoneka bwino ili pafupi ndi nthaka, n'kugunda malo okwera. Adapezanso kuti inalibe zida zojambula mawu ndi kayendedwe, komanso kuti batire la kachipangizo kolira pa ngozi lidatha ntchito mu 2004. Amalawi ambiri akadali ndi mafunso awo pa tsiku limenelo ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Chimene woulutsa aliyense wa kumpoto ayenera kudziwa n'chakuti Viphya ndi Nyika ndi mapiri oyandikana, mwezi unali wa chiperoni, ndipo Nyika ndi wamtali kuposa Viphya.

Tibwerere ku ntchito yathu. Chida chanu champhamvu kuposa zonse chakhala pampando wakumbuyo. Alendo alipira, ena achokera ku London, ali ndi masiku atatu okha, ndipo wina wakhala akufunsa kuyambira m'mawa kuti kodi tiona nyalugwe. Kapena ndi bwana wamkulu amene anthu akumudikira pamsonkhano, akuyang'ana wotchi osanena kanthu. Kwathu kuno wamkulu sauzidwa kuti ayi pamaso. Timati tiona, tiyesetsa. Lamulo la ICAO limati mawu omaliza pa ndege ndi a kaputeni, ngakhale atakwera ndani. Inu lamulo limeneli liikeni pansi pa mwambo. Bwana akati, "A kaputeni, tifika koma?" yankhani kuti, "Osadandaula bwana, tifika," ndipo kuyambira pamenepo kubwerera kwasanduka kunama. Akulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma mbewayo inalibe chiphaso. Ngati muli awiri kutsogolo, onetsetsani kuti wothandizira wanu wadziwa malo ake musananyamuke. Akayamba kunena kuti mwina tikanatembenuka, mufunseni kuti ali ndi maola angati.

Mafuta tengani ongokwanira kupita. Woulutsa amene ali ndi mafuta obwerera ku Mzuzu, kupitirira ku Karonga kapena kutsikira kunyanja kumene mitambo imakhala pamwamba, amakhala ndi mayesero ambiri otembenuka. Amene alibe amakhala wolimba mtima. Chimodzimodzi nthawi: nyamukani masana, kuti mukafike kumtunda dzuwa litapendeka. Kuno mdima suchedwa, m'nyengo yozizira imati ikakwana 6 koloko kwada, ndipo ku Chelinda kulibe nyale za pabwalo. Dongosolo la ulendo limene mumasiya kwa oyang'anira lilembeni mwachidule, ndipo mukasintha njira musauze munthu.

Ena adzakukumbutsani za 1959. M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti, ndege idauluka pamwamba pa Livingstonia n'kuponya uthenga wofunsa amishoni achizungu ngati akufuna kuchotsedwa, ndi kuti ayankhe poika chizindikiro pansi. Anthu a pamishoni, akuda ndi azungu, adayala pa kapinga mawu olozera ku Aefeso 2:14, ndipo woulutsa atabwerera adawerenga yankho lake ali mumlengalenga. Okukumbutsaniwo adzati taonani, ndiyo ntchito ya maso pa ndege: munthu kuona pansi mpaka kuwerenga zilembo. Ayankheni kuti masiku amenewo kunalibe GPS. Inu muli ndi kamzere kofiirira pa tabuleti kolunjika ku Chelinda, ndipo kamzereko kamadutsa mumtambo ndi m'phiri popanda kukhota.

Tinene kuti mwaboola, kabowo katseguka, bwalo laoneka pansi pa phiko lamanzere. Musazungulire kuti muone mphepo kapena chimene chili pabwalopo, kabowo kangatseke. Gwerani momwemo. Nyika ndi malo osungirako nyama kuyambira 1965, ndipo mbidzi, chilembwe ndi ntchefu sizidziwa kusiyana kwa bwalo ndi dambo. Oulutsa ozolowera amayamba adutsa chapansi kuti azione ndi kuzithamangitsa. Ntchefu yamphongo imalemera kuposa makilogalamu 500. Bwalo likakhala lonyowa ndi mawawa mabuleki sagwira bwino, ndipo chifukwa cha mpweya wopepuka uja mukugunda pansi pa liwiro lalikulu kuposa la ku Lilongwe. Zonsezi muzikumbukire matayala atakhudza kale.

Nthawi zambiri, tivomereze, mudzafika. Mtambo sutenga munthu tsiku loyamba kawirikawiri, ndipo apa ndiye pagona mphamvu ya njira yathuyi. Alendo adzaomba m'manja, bwana adzakugwirani paphewa, ndipo madzulo pamoto wa nkhuni za paini wina adzakugulirani chakumwa. Anzanu aja a tiyi adzafika mawa, kapena alendo awo adzabwera pa galimoto kudzera ku Bolero ndi Thazima, makilomita oposa 100 a msewu wovuta kuchokera pa boma, ali mbuu ndi fumbi. Asekeni pang'ono. M'buku lanu lembani maola okha, za mafiti 400 aja musalembe, ndipo lipoti la zimene zidatsala pang'ono kuchitika musatumize kwa akuluakulu oona za ndege, lingakuchedwetseni kukwezedwa. Kampani ikamva kuti inu mumafika pamene ena abwerera, idzayamba kukupatsani maulendo onse a masiku a chiperoni, ndipo amene adzakane pambuyo panu adzafunsidwa kuti bwanji mnzanu amatha.

Kenaka pezani woulutsa wachinyamata, wongochoka kumene kusukulu, amene akadali ndi manambala onse aja m'mutu. Khalani naye pansi, mumufotokozere chigwa chimene munadzera, chitunda chimene munachilewa ndi phiko, ndi mmene kabowo kamatsegukira nthawi zonse cha kumpoto kwa bwalo munthu akangolimba mtima. Mujambulireni ndi kamapu papepala. Julaye wa chaka chamawa mudzamupatse ulendo wa m'mawa, inu mudzatenge wa masana.